Zala Zitatu Kuchokera M'mphepete

Linali Lachiwiri, mwezi wa Febuluwale, belu la buleki ya teni koloko litangolira kusukulu kutsidya kwa mtsinje, pamene ndinamva agogo akunola macheka awo ndi tupa. Ndinali nditakhala pansi pa nkhokwe, nditakumbatira mawondo, chifukwa ambuya, agogo anga aakazi, anali atandithamangitsa m'nyumba momwe amayi anagona akubuula kuyambira dzulo lake. Amayi anali ndi pakati, nthawi inali itakwana, koma mwana sankabwera. Mvula inali itagwa usiku wonse, udzu wa padenga unkadonthabe, nkhuku zitaima ndi mwendo umodzi m'khonde. Ndiye kunamveka kweee, kweee, dzino limodzi, kenako linzake, kuchokera kuseri kwa mudzi komwe kunali dzenje lochekera matabwa.

Kwathu, kamudzi kathu ka ku Zingalume, aliyense ankadziwa tanthauzo la phokoso limenelo m'dzinja. Mvula ikangoyamba, agogo ankapaka macheka mafuta, n'kuwakulunga m'saka, n'kuwapachika kudenga. Akawatsitsa mvula isanathe, ndiye kuti munthu wamwalira, pakufunika bokosi. Mayi wina amene ankadutsa ndi ndowa pamutu anaima n'kumvetsera, kenako anatula ndowa pansi, n'kugwira pakamwa, akuyang'ana khomo la nyumba yathu. Ine ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu. Ndinamvetsera kunyumba, amayi ankabuulabe. Ndinamvetsera kudzenje, agogo ankanolabe. Ndinati mumtima, agogo aona kale kuti mwana wawo sachira, ayamba kumukonzera bokosi ali moyo.

Agogo a Gelesomu anali bambo awo a amayi. Ankanunkhira mlombwa ngakhale Lamulungu atasamba ndi sopo, fungo lonunkhira ngati tsabola wosakaniza ndi uchi, ndipo utuchi wofiira unkakhala m'nsidze mwawo, m'makutu, m'makwinya a khosi, moti akamaimba m'tchalitchi unkagwera pa jekete lawo lakuda. Anali aatali, osalankhulalankhula. Akamalonjera munthu ankamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ndiye ana a m'mudzi tinkanong'onezana kuti akumuyeza. Tikamadutsa pakhomo pawo anzanga ankawerama kapena kuyenda chopindika, ati kuti agogo asapeze muyeso wawo. Ine ndinkaseka nawo, koma ndikakumana nawo ndekha panjira, nanenso mawondo ankapinda okha.

Komatu kwa ine anali ndi nthabwala zawo. Monga amachitira agogo ndi mdzukulu wamkazi, ankanditchula kuti mkazi wawo. Chilimwe ndinkawapititsira thobwa ndi mbatata zophika kudzenje, ndipo akandiona ndikutulukira m'tchire ankauza mnzawo wocheka naye, a Fakisoni, kuti anakwatira mkazi waulesi, wobweretsa chakudya dzuwa litapendeka. A Fakisoni ankayankha ali m'dzenje kuti ngati atopa naye angowapatsa iwo. Ine ndinkatula nkhali n'kukhala pa chitsa, kuwayang'ana: agogo pamwamba pa chipika, mapazi osavala atatangadza, akukweza macheka aatali kuposa ine, a Fakisoni pansi akukokera kwa iwo, utuchi ukuwagwera pa chipewa cha udzu ngati ufa wa mawere, njiwa zikulira kutali, ntchentche za m'tchire zikuzungulira thukuta lawo.

Tsiku loyamba kuona mlombwa utagwetsedwa ndinathawa. Pomwe nkhwangwa inadya pankatuluka madzi ofiira, olemera, akutsetsereka pa khungwa ngati magazi a mbuzi. Agogo anandiitana, anandigwira dzanja n'kuviika chala changa m'menemo, anati ndinunkhize. Sanali magazi, anali utomoni.

Kuyambira pamenepo anayamba kundiphunzitsa mayina. Sankalola kuti chilichonse ndizingoti thabwa. Mtengo ukagwa n'kudulidwa nthambi, chimenecho ndi chipika. Zakunja zobulungira zomwe amachotsa poyamba kuti chipika chikhale ndi mbali zinayi, iwo ankati misana, ndipo misana sinkagulitsidwa, inkapita ku khola la nkhumba. Mnofu woyera wa pansi pa khungwa ankati ndi ndiwo za chiswe. Chofiira cha m'kati ndi thima, ndipo thima ndilo thabwa lenileni. Pomwe panatuluka nthambi pamatsala diso lakuda, ndiyo mfundo, ndipo thabwa likafuna kuthyoka limayambira pamenepo. Kamtengo kosongoka kokhomera m'njira ya macheka kuti chipika chisawapane ndi chikhomo. A Fakisoni ankakonda mayina a ku boma, wanu-bai-teni, thuu-bai-foo, koma agogo ankati amenewo ndi mayina a ogula. Iwo ankayeza kunenepa kwa thabwa ndi zala zawo. Chala chimodzi ndi cha chitseko, tebulo ndi bokosi la maliro. Zala ziwiri ndi za mapaso a denga ndi mafelemu. Zala zitatu ndi za popondapo anthu kapena ng'ombe. Ankandifunsa mwadzidzidzi pakati pa kudya, ndikalakwa ankandilanda mbatata.

Pocheka panali mawu anayi okha, ndipo onse ankachokera kwa wapamwamba. Koka. Pereka. Khoma. Tuluka. Agogo ankati atatu oyambawo munthu atha kufunsa chifukwa chake, koma lomalizalo ayi.

"Ndikati tuluka, umafunsa uli kunja," ankatero.

A Fakisoni akapita kuseri kukasuta, agogo ankandilola kutsika n'kukoka pang'ono. Ankati kucheka kuli ngati kusinja awiri mumtondo umodzi, sulimbana ndi mnzako, umangomumvetsera. Ambuya atamva anakalipa kuti mwana wamkazi salowa m'dzenje lofanana ndi manda, koma agogo anangopitiriza kutafuna nzimbe yawo.

Lachiwiri limenelo, ndili pansi pa nkhokwe paja, ambuya anatuluka m'nyumba kudzataya madzi, ndipo ndinawamva akuuza amayi aang'ono kuti mwana wagona mopingasa, azamba alephera. Ndinkadabwa kuti bwanji sakuwatengera kuchipatala. Bambo anali kutali, kuganyu ya fodya, ndipo amuna a m'mudzi sindinawaone kuyambira m'mawa. Ndinaganiza kuti akuluakulu ataya mtima.

Kenako anatulukira a Mabvuto, amuna awo a amayi aang'ono, akuchokera njira ya kudzenje, thalauza litathimbirira matope. Anauza akazi awo motsitsa mawu kuti mkuluyo wasokonezeka mutu, kaya akufuna kucheka chiyani, iwo m'dzenje salowa pakhomo pali munthu amene moyo wake uli pa ulusi. Anati wolowa m'dzenje tsiku lotere ndi amene amaitana maliro, ndipo zikachitika anthu adzaloza iwo chala mpaka kukalamba. Amayi aang'ono anangoyang'ana pansi.

Kunola kunaleka. Patapita kanthawi ndinaona miyendo ya agogo itaima pafupi ndi nkhokwe.

"Esinati," anatero. "Tiye."

Anali asanandiitanepo ndi dzina langa chibadwire. Ndinadzuka n'kuwatsata.

Njira ya kudzenje inkadutsa m'munda wa chimanga chomwe chinali chitayamba ngaiyaye, masamba ake onyowa ankandimenya kumaso, ndipo ine ndinkangoyang'ana zidendene za agogo zikutuluka m'matope n'kulowanso. Ndinkaganiza kuti ndikakana, bokosi silikhalapo, ndipo bokosi likapanda kukhalapo amayi safa. Ndinkakonza mawu oti ndikane nawo, koma ndinangopitiriza kuwatsata.

Pa dzenje panali chipika chomwe ana tonse tinkachidziwa n'kumachilambalala. Agogo ankasiya chimodzi chosema kale chaka chilichonse, chogona pa mitanda iwiri yopingasa dzenje, atachifunditsa udzu, kudikira maliro a m'dzinja. Pa chimenechi anali atachotsapo kale matabwa a bokosi la gogo wina amene anamwalira nthawi ya Khirisimasi, kotero chinali chitaonda, koma chinali chachitali ndithu, thima lokhalokha. Udzu anali ataufundukula. Madzi anali atawakapa ndi ndowa, komabe otsala ankafika m'misongolo, achule akusambira, makoma a dzenje akuchucha, dothi lofiira lonyowa likununkha ngati lija la kumanda lomwe limabwera pa makasu a amuna pochokera koika maliro.

Agogo anatsika, n'kundiuza kuti nditsike. Madzi anali ozizira, matope analowa pakati pa zala zanga za kumapazi. Chipika chinali pamwamba pa mutu wanga, chitatseka thambo. Anatulutsa chingwe chawo cholembera mzere, chonyika m'zakuda za m'mabatire akutha, anandipatsa nsonga imodzi, iwo anapita ndi inayo kumapeto kwina. Mzere wa pamwamba anali atalemba kale okha, unatsala wa pansi woti wam'dzenje aziutsata.

"Zala zitatu kuchokera m'mphepete," anatero. "Zako n'zazing'ono, ika zinayi."

Ndinakweza dzanja, ndinaika zala pa chipika, kenako ndinaima. Ndinayang'ana bwinobwino. Zala zinayi zanga zinkafika pakati penipeni pa chipika. Mzere unali umodzi wokha. Bokosi limafuna mizere yambiri yoyandikana, chala chimodzi chimodzi.

"Agogo, zitatu?"

"Zitatu. Ulalo wapita ndi madzi m'mawa uno, Fakisoni watsekeredwa kutsidya. Ukufuna amako awoloke pa chala chimodzi?"

Pamenepo m'pamene ndinalira, koyamba tsiku limenelo. Ulalo wathu unali mtengo umodzi wogonekedwa pamalo popapatiza, pakati pa miyala iwiri, ndipo njira ya kuchipatala inali imeneyo basi. Amuna a m'mudzi anali kumtsinje kuyambira m'mawa kufunafuna powolokera, koma mitengo italiitali ya m'mbali mwa mtsinje inali itatha kale ndi madimba, ndiponso mtengo wobulungira wonyowa sangadutsepo anthu atanyamula wodwala. Agogo anandisiya ndilire pang'ono, kenako anakoka chingwe pakati n'kuchitaya, thwa, mzere wakuda unatsala. Anati ndikalire tikamaliza, chifukwa misozi ikakumana ndi utuchi maso amatsekeka.

Anakwera pamwamba, anatsitsa macheka, ndinagwira chigwiriro ndi manja onse awiri.

Sindidziwa kuti tinacheka nthawi yaitali bwanji. Ndimangokumbukira kuti poyamba ndinkakoka mwamphamvu ndi mantha, macheka n'kumapindika, agogo n'kumati pereka, pereka, usalimbane nawo, mpaka thupi langa linakumbukira mtondo ndi munsi, ndipo tinayamba kumvana. Iwo ankakankha kuposa momwe wapamwamba amakankhira, kundichepetsera ntchito, ndipo ndinkamva kupuma kwawo kukulira ngati mvukuto. Utuchi unkandigwera kumaso, m'kamwa, m'khosi, n'kumatirira pa manja onyowa, ndipo mvula itayambanso kuwaza, unasungunuka n'kumatsetsereka m'mikono mwanga uli wofiira. Ndinkadziuza kuti ndi utuchi, ndi utuchi. M'manja munatuluka matuza, anaphulika, chigwiriro chinayamba kuterera. Akati khoma, ndinkasiya chigwiriro n'kupuma, iwo akumenya chikhomo pamwamba, ndipo nthawi imeneyo m'pamene ndinkamvetsera kumudzi. Ndinkaopa kumva kulira kwa amayi ambiri pamodzi. Kukakhala zii, ndinkaopanso.

Titafika pa mtanda woyamba macheka sakanatha kudutsa. Pamenepo chipika chimayenera kunyamulidwa pang'ono kuti mtanda usunthire kumbuyo.

"Tuluka."

Miyendo inali italema, ndipo ndinaganiza zongosunthira kumapeto kwa dzenje m'malo mokwera makoma oterera aja. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene. Agogo sanabwereze, anangondiyang'ana kupyola m'mng'alu wa chipika. Ndinagwira muzu n'kudzikoka, ndinatuluka chokwawa.

Analowetsa mtengo wonyamulira pansi pa chipika, anautsamira ndi thupi lonse. Chipika chinadzuka pang'ono. Ndiye ndinamva ngati munthu wausa moyo, ndipo khoma lonse la mbali yomwe mtanda unatsamira linagumukira m'dzenje, mtanda unatsetsereka, mutu wa chipika unagwa pansi, thi. Madzi a matope anathovukira mpaka pa ine. Pomwe ndinkafuna kuima paja panali mulu wa dothi ndi mutu wa chipika pamwamba pake.

Chule wina anatuluka m'matopemo n'kudumpha.

A Mabvuto anali atabwera osaoneka, ataima m'chimanga. Anangobwera n'kugwira mtengo wonyamulira pamodzi ndi agogo. Zakunja kwa dzenje ankagwira ndi mtima wonse. Ananyamula mutu wa chipika, agogo anatenga misana iwiri yakale n'kuiyala m'mphepete kuti mtanda ugone pa iyo, usamirenso m'dothi. Atatha anapondapo, anagwedeza, anapondanso. Kenako anayang'ana a Mabvuto. A Mabvuto anayang'ana kumbali.

Agogo anagwada patsogolo panga, ndipo ndinaona kuti milomo yawo yauma.

"Ndikanakhala ndi wina sindikanakupempha," anatero. "Ukakana, sindikudandaula. Wam'nyumbamo ndi mwana wanga, iwenso ndiwe wanga."

Ndinayang'ana dzenje. Khoma linalo linali ndi mng'alu woonda kuyambira pamwamba. Ndinkafuna kuthawira kwa ambuya, kukabisala kuseri kwa mbiya. Kenako mphepo inatembenuka, inabweretsa mawu a amayi kuchokera kumudzi, kubuula kumodzi kotalika, kofooka kuposa kwa m'mawa. Ndinakhala pansi m'mphepete, ndinatsitsa miyendo, ndinalowa.

Mbali yotsalayo ndinacheka nditaima pa dothi logumuka lija, nditawerama chifukwa malo anachepa, diso limodzi pa mzere, lina pa mng'alu wa khoma. Kadothi kakagwa m'madzi mtima unkadumpha. Agogo anayamba kung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi yopanda mawu, monga ankachitira chilimwe, ndipo ine ndinkakoka motsatira nyimboyo. Pa mtanda wachiwiri ndinatuluka asanamalize n'komwe kunena. Pomaliza penipeni anakhoma chikhomo mwamphamvu, chipika chinalira, n'kugawanika pawiri, kuwala kunagwera m'dzenje.

A Mabvuto anathamangira kumtsinje kukaitana anzawo. Matabwa awiriwo anali olemera, ananyamulidwa pamapewa a amuna onse amene analipo. Ine ndinkatsata m'mbuyo, manja ndili nditawatambasula chifukwa sankapindika.

Mtsinje unali wofiira, ukulira moti anthu ankalankhulana ndi manja. Unkanyamula mapesi, nthochi zathunthu, ndi mbuzi yakufa yomwe inadutsa miyendo ili m'mwamba. Kutsidya a Fakisoni anali ataima ndi chingwe, ngolo yawo itamangidwa kale ng'ombe. Anaponya chingwe chomangira mwala, amuna anamanga thabwa, anakankha, iwo anakoka, mpaka linagona pa miyala iwiri ija. Thabwa lachiwiri chimodzimodzi. Agogo anauza anthu kuti atembenuze mbali yochekedwa ikhale pamwamba, chifukwa mano a macheka amasiya mizera yomwe phazi lonyowa limagwira. Kenako anayenda okha mpaka pakati, anadumpha kawiri, anawerama n'kupapasa thabwa lakumanzere. Linali ndi mfundo yaikulu ngati chikhatho, pafupi ndi pakati. Anaipaka zakuda za chingwe chija kuti ioneke, ndipo pobwerera anauza onyamula kuti adutse msanga pamenepo.

A Fakisoni anayang'ana momwe thabwa linachekedwera n'kukuwa kuti ndani wawalanda ntchito, mzere wayenda ngati munthu wochokera kumowa. Palibe anaseka, koma agogo anandiloza ndi chibwano.

Amayi anawabweretsa pa machira a masaka ndi mitengo iwiri, atawafunditsa bulangete, ambuya akuyenda pambali. Nkhope yawo inali yotuwa, yaing'ono. Podutsa pomwe ndinaima anatsegula maso, anandiona ndili wofiira kuyambira tsitsi mpaka diresi.

"Magazi a ndani amenewo?"

"Ndi utuchi, amayi."

Anatsekanso maso.

Pa matabwa pankakwana onyamula awiri okha. Kutsogolo kunali a Mabvuto, kumbuyo mnansi wathu a Zulu. Anayamba kuyenda, phazi lina pa thabwa ili, lina pa ilo, ndipo matabwa anayamba kugwada, pang'ono, pang'ono, mpaka madzi ankanyambita pansi pake. Ine ndinkadziwa malo amene ndinapotoza mzere nditatopa, pomwe thabwa lina linaonda kuposa zala zitatu, ndipo ndinkawayang'ana osaphethira. Atafika pakati a Mabvuto anayang'ana m'madzi. Anaima. Phazi lawo lakumanzere linali pa chizindikiro chakuda chija. Machira anagwedezeka, dzanja la amayi linatuluka m'bulangete n'kulendewera pamwamba pa madzi. Ndinamva thabwa likulira, kamawu kakang'ono ngati fupa la nkhuku likamathyoka.

Agogo sanakuwe. Anayenda mpaka pamwala, n'kulankhula ndi mawu awo a kudzenje, omwe amadutsa phokoso lililonse.

"Yenda, Mabvuto. Pa mfundo saima. Yang'ana Fakisoni."

A Mabvuto anakweza mutu. Phazi linachoka, linapita patsogolo, linzake linatsata. A Fakisoni anawagwira malaya n'kuwakokera kumtunda. Ambuya anawoloka chokwawa. Ngolo itanyamuka, agogo anakhala pansi pamatope pomwepo, ndipo patapita nthawi anati mkazi wawo wagwira ntchito lero, koma thobwa sanabweretse.

Amayi anawachita opaleshoni kuchipatala cha ku boma. Mwana sanakhale moyo. Amayi anabwerera kumapeto kwa mwezi wotsatira, ataonda, akuyenda pang'onopang'ono, ndipo anawoloka pa matabwa omwe aja ndi mapazi awo. Madzi ataphwa anthu anagoneka mitengo ina, agogo anakatenga matabwa awo n'kuwaika pa njerwa m'khonde mwa amayi, osawadula. Pamenepo m'pamene amayi ankakhala posenda mtedza, pomanga ana tsitsi, polandira alendo. Agogo anamwalira ine nditakwatiwa kale, ndipo bokosi lawo anacheka mwana wa a Fakisoni ndi bambo ake. Macheka aja ali kudenga kwanga, achita dzimbiri. Kwathu masiku ano amacheka ndi makina.

Amayi anamwalira chaka chino, nyengo yozizira, atadwala miyezi ingapo m'nyumba mwanga. Tsiku lina, akadali ndi mawu, anandiuza kuti ndiwatulutse akaothe dzuwa kunyumba kwawo kwakale, ndipo atakhala m'khonde anasisita thabwa ndi dzanja.

"Awa anandinyamula kamodzi," anatero. "Adzandinyamulenso."

Ndinawauza kuti asalankhule zotero. Anati iwo alankhula, ine ndamva.

M'mawa wa maliro mlongo wanga Yohane, amene ali ndi kagolosale ku Chadiza, anali atasankha kale bokosi kwa kalipentala. Linali lokongola, lonyezimira, lofiira ngati mlombwa. Kalipentala anandifotokozera bwino ndithu kuti m'kati ndi pulaiwudi, timapepala ta mtengo tomatidwa pamodzi mopingasana kuti tisapindike, ndipo pamwamba amamatapo viniya, khungu la mtengo wabwino lopyapyala ngati chikhadabo. Anati n'lopepuka, anthu ambiri amakonda lomwelo. Sindinalinyoze. Ndinangouza Yohane zomwe amayi ananena. Iye anadandaula kuti anzake a kutchalitchi kwawo adzati waika mayi ake m'benchi yakale ya pakhonde, koma nditamukumbutsa tsiku lija, ngakhale anali wamng'ono, anangopita kukafuna galimoto.

Matabwa tinawabweretsa ku makina. Anali atada ndi utsi ndi thukuta la zaka zonsezo, m'mphepete mwasalala. Woyendetsa makina anawagogoda, n'kundifunsa kuti awang'ambe kunenepa bwanji, wanu inchi kapena. Ndinakweza chala chimodzi.

Makina atangoluma, utuchi unatuluka wofiira ngati mtengo wagwetsedwa dzulo, ndipo fungo lija linadzaza shedi yonse. Ndinamva madzi ozizira m'misongolo, ndinayang'ana m'mwamba ngati pali chipika pamutu panga. Yohane anandigwira mkono kuti tituluke. Ndinakana. Ndinaima pomwepo mpaka thabwa lomaliza, utuchi ukugwera pa chitenje changa.

Bokosi linatuluka lolemera, onyamula ankasinthana pafupipafupi, ndipo a Mabvuto, amene tsopano amayenda ndi ndodo, anaumirira kugwirako pang'ono potuluka m'nyumba.

Chidutswa cha pakati, chokhala ndi mfundo chija, kalipentala anachidula n'kuchiponya pa mulu wa nkhuni, anati pa bokosi sichiyenera. Ndinachitola. Pansi pake pali mng'alu wautali ngati chala, umene unayamba tsiku lija, ndipo sunapitirire. Ndinachigoneka pa ngalande yodutsa pakhomo panga, mbali yochekedwa pamwamba. Ndimapondapo m'mawa uliwonse popita kumunda, ndipo pa mfundo sindiima.